Mwana wa Hosea Anachedwa Kuyenda

Pa Jumbe, m'mbali mwa msewu wochokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, panali mtengo waukulu wa mango umene anthu anasiya kalekale kuutchula dzina lake. Ankangoti "pa Hosea". Pansi pa mtengowo Hosea Chulu ankakonza njinga. Zida zake sizinali zambiri: masipanala a m'kabokosi kachitsulo, mpope, zidutswa za machubu akale zodulapo zigamba, ndi beseni la madzi lomizamo chubu pofuna pamene pabooka. Ntchitoyi anaiphunzira ku Chipata ali mnyamata, m'sitolo ya mmwenye wina momwe ankamanga njinga zatsopano zikafika m'makatoni. Kwawo kunali ku Msoro, koma atakwatira Justina, mkazi wa pa Jumbe, anamanga nyumba kwa akazi ndipo sanaganizenso zosamuka.

Anali munthu wosadziwa changu. Ukafika ndi njinga yako uli pa liwiro, iye ankayamba wakufunsa za kunyumba, za mvula, za njovu ngati zalowanso m'minda ya ku Kakumbi, kenako n'kuzunguliza tayala atapendeketsa mutu, kumvetsera pamene likukhula. Anthu ankadandaula za kuchedwa kwake, koma ankabwerabe, chifukwa chubu chinkachita kutha chigamba cha Hosea chikadalipo.

Ana awiri oyamba a Hosea ndi Justina sanakhalitse. Woyamba anapita ndi malungo asanamere mano, wachiwiri anangoona dzuwa masiku ochepa. Kenako zaka zinadutsa kuli zii, mpaka abale anasiya kufunsa. Mu 1993, chaka chotsatira chilala chija chimene anthu anapulumukira chimanga chachikasu, Justina anachira mwana wamkazi. Azakhali a mwanayo anamutcha Misozi, pokumbukira zimene nyumbayo inaona. Nthawiyo Hosea anali atayamba kale imvi m'mbali mwa makutu.

Mwanayo atayamba kudya phala, Justina anabwerera kumunda wa thonje. Amayi ena ankapita ndi ana awo kumunda n'kuwagoneka pamthunzi, koma Hosea sanafune kumva zimenezo. Kumunda kuli njoka, anatero, kuli dzuwa, kuli mankhwala opopera thonje. Choncho m'mawa Justina akamuyamwitsa, Hosea ankatenga chitenje, n'kumubereka mwanayo kumbuyo, n'kupita naye kuntchito. Amuna anzake anaseka mpaka kutopa. Makondakitala a minibasi ankamulozera apaulendo ngati mmene amalozera nyama za m'paki. Iye ankangomwetulira, sipanala m'manja, kamutu ka Misozi kakugwedezeka kumbuyo kwake nthawi zonse akamapopa.

Pansi ndiye sankamuika. Akatopa kumubereka, ankamukhazika m'kati mwa tayala lakale la galimoto momwe anayalamo thumba ndi kansalu. Mwana akangotulutsa mwendo, Hosea anali atafika kale. Pansi pali minga, pali mawaya, pali zinkhanira, pali tizitsulo toti angameze. Kunyumba zinali chimodzimodzi. Misozi akaloza kapu, kapu inkabwera. Akaloza nkhuku, atate ake ankamunyamula kupita naye kunkhuku. Justina ankayang'ana zonsezi, nthawi zina n'kunena kuti mwanayo ali ndi miyendo yake, koma sankalimbikira, pakuti nayenso ankadziwa chimene chinkamuopsa mwamuna wake.

Anzake obadwa nawo nyengo imodzi anaima, anayenda, ena anayamba kuthamangitsa mbuzi. Misozi anakwanitsa chaka ndi theka ali wonenepa, wosekaseka, masaya ali phwii, koma wosaima. Akafuna kusuntha ankadzikhwekhwereza ndi matako, mwendo umodzi kutsogolo ngati wopalasa bwato. Amayi a pachitsime anayamba kunong'ona. Wina anauza Justina za munthu wa ku Masumba wodziwa kutemera ana m'mawondo. Hosea atamva za lumo pakhungu la mwana wake anakana, ndipo tsiku la sikelo anatseka kabokosi kake n'kuperekeza mkazi wake kuchipatala, mwamuna yekha pakati pa amayi.

Nesi wa ana anali a Sisita Miyanda, mayi wamtali wochokera kum'mwera, kwa Atonga, amene Chinyanja chawo chinkatuluka pang'onopang'ono koma molunjika. Anamupachika Misozi pasikelo, anamupinda miyendo, anamutekenya kumapazi mpaka mwanayo anakuwa ndi chiseko. Anamuimika atamugwira m'khwapa, ndipo timiyendo tija tinaponda pansi mwamphamvu. Kenako anafunsa kuti mwanayu amakhala pansi nthawi yaitali bwanji pa tsiku. Justina anayang'ana mwamuna wake. Hosea anayang'ana kudenga.

"Atate, mwana uyu alibe vuto," anatero a Sisita. "Miyendo ali nayo, koma akugwiritsa ntchito yanu. Muikeni pansi. Agwe pang'ono."

Pobwerera, mawu oti agwe aja anamukhala Hosea pamtima. Munthu wophunzira za umoyo angauze bwanji kholo kuti mwana wake agwe? Koma anali mmisiri, ndipo mmisiri akamva vuto amayamba kuganiza za chida. Sabata imeneyo njinga za anthu zinadikira. Anapempha matabwa otsala kwa kalipentala, anapeza mawilo atatu a kanjinga ka mwana kamene kanathyoka, n'kupanga kangolo kokhala ndi chogwirira, koti mwana aziimirira n'kumakankha. Anakapala bwinobwino kuti pasakhale kobaya, anakulunga chogwiriracho ndi mphira wa chubu, ndipo kutsogolo anaika kabokosi koti azinyamuliramo zidole zake.

Tsiku loyesa kangoloko anthu anasonkhana. Esnati, mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi mtengowo, anasiya chiwaya pamoto. Hosea anamuimika Misozi kumbuyo kwa kangolo, n'kumugwiritsa chogwirira. Mwanayo anakayang'ana, anakagwedeza, kenako anakhala pansi, anadzikhwekhwereza mpaka kutsogolo, n'kukwera m'kabokosi muja. Atakhazikika bwino, anatembenuka kuyang'ana atate ake.

"Tiye," anatero.

Awa anali mawu ake oyamba omveka bwino, kupatula amama ndi atata. Anali atawatola kwa makondakitala, amene ankamenya minibasi m'mbali n'kunena chimodzimodzi kwa dalaivala. Esnati anaseka mpaka anakhala pansi, vitumbuwa zikupserera. Hosea anafuna kukhumudwa, koma chimwemwe chakuti mwana wake walankhula chinamuposa. Anagwira chogwirira chija yekha, atawerama ngati nkhalamba, n'kumukankha kuzungulira mtengo. Kuyambira tsikulo anthu a pamsewu anayamba kumutchula Misozi kuti abwana, ndipo Hosea anali dalaivala wawo.

Apa Justina analowererapo. Madzulo ena, ali pakhonde akusenda nyemba, anamuuza mwamuna wake mofatsa kuti ana awiri aja sanatengedwe ndi minga kapena mawaya, ndiponso kuti kumubereka Misozi mpaka adzakwatiwe sikungawabweze. Anati iyenso amaopa, tsiku lililonse, koma sakufuna kuti mwanayo akule akudziwa mantha a makolo ake okha. M'mawa mwake Hosea anasesa pansi pa mango ponse, anatola kachitsulo kalikonse, anathira mchenga wa kumtsinje, n'kugubuduza tayala la galimoto lija kukaliika kuseri. Anamukhazika mwanayo pamchenga, iye n'kukhala chapatali, maso ali pa mwana, manja akugwira ntchito mwa chizolowezi chabe.

Masiku oyamba Misozi anakwiya. Ankaloza chinthu, n'kudikira, chinthu osabwera. Ankakweza manja kuti anyamulidwe, atate ake n'kumangomuitana kuti abwere yekha. Ankalira, ndipo kulira kwakeko kunkamupweteka Hosea ngati dzino. Koma pang'onopang'ono anayamba kugwira benchi n'kudzikoka, kuima akunjenjemera, kuyenda cham'mbali atagwirira thabwa.

Esnati anali ndi bakha amene anaswa ana nyengo imeneyo. Masana ena, Justina atangofika ndi mbatata zophika za mwamuna wake, bakha uja anadutsa pansi pa mango, tiana take tachikasu tili pambuyo, kulunjika kumatope a pamjigo. Hosea anali atakhala kuseri kwa wilo limene ankalimbitsa masipoko. Kudzera m'masipokomo anaona Misozi ataima pabenchi, akuyang'ana tibakha tija pakamwa pali yasa. Anaona dzanja limodzi likusiya benchi, kenako linalo. Mwanayo anaponya phazi, anaponyanso lina, manja ali m'mwamba ngati wonyamula mtolo wosaoneka, akudzandira kutsatira abakha.

Hosea anadzuka kuti amuthamangire, koma Justina anamugwira malaya kumbuyo. Misozi anayendako ndithu, kenako phazi linakodwa mumchenga, n'kugwa chafufumimba. Anadzutsa mutu, mchenga uli pamphuno, ndipo sanalire msanga. Anayamba wayang'ana nkhope ya atate ake kuti adziwe ngati zimene zachitikazi n'zoliritsa.

"Sekani," ananong'ona Justina.

Hosea anaseka. Poyamba kunali kuseka kokakamiza, mano okha, koma mwanayo atamubwezera chiseko, n'kutukula matako m'mwamba, n'kuimanso, kuseka kwenikweni kunabwera, ndi misozi yomwe. Tsiku limenelo aliyense wobwera ndi njinga anauzidwa nkhaniyo kuyambira pa bakha, ndipo ena anaimva kawiri.

Amene anachedwa kuyenda uja sanafunenso kukhala. Pasanathe mwezi anali paliponse: kwa Esnati kukapempha chitumbuwa, kuseri kwa mtengo kukathamangitsa abuluzi, ndipo kamodzi anamugwira ali m'mphepete mwenimweni mwa msewu akubayibitsa galimoto ya azungu opita kupaki. Hosea anasonkhanitsa malimu, zitsulo zozungulira za mawilo akale a njinga, anawamangirira pamitengo ndi waya, n'kupanga mpanda kumbali ya msewu. Anamuphunzitsanso mwanayo kuti akamva galimoto azithamangira kukagwira mtengo wa mango. Misozi anaikonda kwambiri ntchito imeneyi, moti ankathamangira kumtengo ngakhale kukadutsa ngolo ya ng'ombe, n'kumakalipira akulu amene sanagwire nawo.

Chilichonse chimene atate ake ankachita, iyenso ankachita. Hosea akapukuta manja pansanza, iye ankapukuta pa diresi. Hosea akapendeketsa mutu kumvetsera wilo, iyenso ankapendeketsa, nkhope itachita tsinya. Koma chimene chinamugwira mtima chinali beseni. Anali ataona atate ake akumiza chubu m'madzi n'kudikira tithovu, ndipo anaganiza kuti chinthu chilichonse padziko chiyenera kuyesedwa motero. Anamiza nsapato ya atate ake. Anamiza chitumbuwa. Anamiza duku loyera la amake la kutchalitchi, n'kuliyang'anitsitsa, n'kulengeza kuti labooka. Tsiku lina mlimi wina anavula chipewa kuti apume pabenchi, ndipo pochifuna anachipeza m'beseni, Misozi atachipanikiza ndi manja awiri. Hosea anapepesa kwambiri, koma mlimiyo anangochifinya n'kuchivala chonyowa, akuti kunja kukutentha kale.

Atakwanitsa zaka ziwiri, mawu ake okondedwa anali awiri: "ayi" ndi "ndekha". Kusamba, ayi. Kutuluka m'madzi, ayi. Kuvala diresi, ndekha, ngakhale mutu utalowa pa dzanja. Kudya phala, ndekha, theka likupita m'khutu. Justina, amene ankafuna kufika kumunda dzuwa lisanakwere, nthawi zina mtima unkamuthera. Apa kusafulumira kwa Hosea kunapeza ntchito. Ankatha kukhala pampando akudikira mwana alimbane ndi batani limodzi mpaka alowetse, osamuthandiza, akungomuuza kuti atembenuze pang'ono. Chimene sankatha n'kumukaniza chinthu. Justina ankamuuza kuti tsiku lina mwanayo adzapempha mwezi, ndipo atate ake adzayamba kufunafuna makwerero.

Tsikulo linafika m'nyengo yogulitsa thonje, pamene alimi ambiri amagula njinga ndipo pa Hosea pamadzaza. A Mubanga, mphunzitsi amene anatumizidwa pa Jumbe kuchokera ku Kasama, anabweretsa njinga yawo yatsopano kuti aimangitse bwino. Inali ndi belu lonyezimira ngati kalilole. A Mubanga anamulizira mwanayo belulo kuti asangalale, n'kumulola kuti alize yekha. Ntchito itatha, atagwira njinga kuti azipita, Misozi anakakamira chiwongolero.

"Langa," anatero.

A Mubanga, munthu wachifundo, anayamba kunena kuti mwina belulo lingatsale, adzalitenga mawa. Hosea anali atagwira kale sikuludiraiva. Kenako anaiika pansi. Anagwada kuti maso ake alingane ndi a mwanayo, anamasula tizala tija pachiwongolero kamodzikamodzi, n'kumuuza kuti belulo ndi la aphunzitsi, si lake, ndipo likupita kwawo. Anawathokoza a Mubanga n'kuwapempha kuti anyamuke.

Misozi anayang'ana njinga ikupita, anayang'ana atate ake ngati munthu amene sanamuonepo, kenako anadziponya pansi. Analira kulira kumene pa Jumbe panali pasanamveke. Anagubuduka, anamenya mchenga ndi zidendene, anaponya nsapato. Anthu odikira minibasi anatembenuka onse. Mayi wina anati amupatse kanthu kalikonse atonthole. Bambo wina anati kamtengo kakang'ono kumiyendo kamathetsa zonsezi. Hosea sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anakhala pafupi pachitini chimene ankakhalira pogwira ntchito, anatenga wilo, n'kuyamba kulimbitsa masipoko. Pambuyo pake anapeza kuti wilo lonselo analipotoza, koma anakhalabe. Anangomuuza mwanayo kuti iye ali pompo, akamaliza abwere.

Pamene Misozi anagwera panali padzuwa, ndipo mchenga unali kuotcha. Patapita kanthawi anasiya kulira, anadzuka, anayenda mpaka pamthunzi, anasankha malo abwino, anagona pansi mosamala, n'kuyambiranso pomwe anasiyira. Esnati anabisa nkhope m'chitenje. Kulirako kunayamba kuchepa mphamvu, kukumadukizadukiza, diso limodzi likusuzumira ngati atate akuona. Pomaliza anadzikoka mpaka pamiyendo ya Hosea, anakwera, n'kuika mutu pachifuwa pake akusisima. Hosea anamupukuta mamina ndi mchenga, anamupatsa madzi. Sanatchulenso za belu, ndipo mwanayo sanalifunsenso. Madzulo pofotokozera Justina, Hosea ananena kuti kumanga njinga khumi n'kopepuka kuposa zimene anachita masanawo. Justina anamuwonjezera ndiwo m'mbale.

Sikuti kudziponya pansi kunathera pomwepo. Kunabweranso chifukwa cha nthochi imene inasendedwa ndi munthu wina pamene iye ankafuna kusenda yekha, ndiponso chifukwa cha mthunzi wake umene unkakana kumusiya. Koma Hosea anali atadziwa tsopano kuti mkuntho wotere umadutsa, ndipo mwana amatuluka ali wamoyo.

Chilimwe cha 1996, Misozi atakwanitsa zaka zitatu, Hosea anaganiza zopita naye ku Msoro kuti akaone a Langford, malume a Hosea amene anamulera iye bambo ake atamwalira. Nkhalambayo inali isanamuonepo mwanayo chifukwa miyendo inali itaileka. Hosea anamanga kampando pamtanda wa njinga yake, ndi popondera mapazi, Justina n'kukhala pakaliya ndi kamtolo ka mtedza ndi shuga. Sabata yonse Justina anali akumuphunzitsa mwanayo kupereka moni wa akulu m'Chikunda, chinenero cha kumeneko: kugwada, kuwomba m'manja, kudikira kuti wamkulu ayambe kufunsa.

Ananyamuka kukuzizirabe. Njira yonse Misozi sanatseke pakamwa. Anafunsa chifukwa chake mtengo wa mlambe ndi wonenepa, ndani anaudyetsa. Anafunsa za ndowe za njovu zimene anazipeza panjira, ngati njovuyo amake anaikalipira. Atafika pa Lupande, mtsinje uli mchenga wokhawokha, anafuna kudziwa amene anamwa madzi onse. Hosea ankayankha lililonse mwaulemu, akupuma movutikira pachitunda, ndipo yankho lililonse linkabala funso lina. Pamchengapo anatsika kuti akankhe njinga, Misozi n'kukana kunyamulidwa. Anawoloka yekha, mapazi akumira, atagwira nsapato zake m'manja.

Anawapeza a Langford atakhala pampando wa ndalema pansi pa nkhokwe. Misozi anachita zonse monga anaphunzitsidwa. Anagwada, anawomba m'manja, anayankha moni ndi mawu aang'ono omveka bwino, moti Justina anayang'ana mwamuna wake monyadira. Nkhalambayo inakondwa, inamuitana kuti ayandikire, n'kuseka pakamwa ponse. Misozi anasuzumira m'kamwamo nthawi yaitali.

"Ambuya, mano anu ali kuti?"

Justina anafuna kumutseka pakamwa, koma a Langford anamuletsa ndi dzanja. Anamuuza mwanayo kuti mano awo anatha ndi nzimbe ndi nyama yowamba, anagwa limodzilimodzi mpaka onse. Misozi anapendeketsa mutu, nkhope itachita tsinya, akuganizira kukula kwa vutolo. Kenako anawasisita bondo.

"Musalire. Atate akumatirani ena."

A Langford anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anthu a m'nyumba zoyandikana anabwera kudzaona chimene chachitika. Nkhalambayo inatuma munthu kugwira tambala woyera amene inkamusunga, n'kunena kuti ameneyo ndi wa mlendo wamng'onoyo. Alendowo anakhala ku Msoro masiku angapo. Misozi ankadzuka m'mawa kukakhala pafupi ndi ambuye akewo, akuwaswera mtedza ndi mwala kuti ukhale wofewa, theka akudya yekha. Pobwerera tambala uja anakwera nawo njinga ali m'dengu, pakuti mwini wake anakana kuti aphedwe, ndipo anakhala zaka zambiri pa Jumbe akulira nthawi yolakwika.